Timikeka Khumi ndi Tisanu ta Ambuje

Amayi anamwalira Lachitatu, nthawi ili 3 koloko masana. Olalo ndikulidziwa chifukwa sitima ya katundu yopita ku Nayuchi inali itangolira pokhota kuseri kwa mudzi wathu, ndipo masiku amenewo sitima imeneyo ndiyo inali wotchi yathu. Ine ndinali pakhonde ndikuluka tsitsi la mng'ono wanga Hawa. Agogo anali pansi pa mtengo wa mango akusoka mphasa, miyendo atatambasula, mulu wa bango lonyowa uli pambali pawo. Mayi aang'ono anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo, atagwira chitseko ndi manja onse awiri. Agogo anawayang'ana, anazika singano yawo yaitali m'dothi, n'kutchula dzina la Allah motsitsa mawu. Kenako anaizulanso singanoyo n'kumalizitsa mphasa ija, chifukwa ndi imene amayi anagonekedwapo powasambitsa.

Ndikawakumbukira agogo amenewo ndimamva fungo la bango loviikidwa m'madzi, fungo lozizira ngati la kudambo m'mamawa, losakanikirana ndi la khonje wopota kumene ndi utsi wa zitsononkho umene unkatuluka m'kanyumba kawo, ndipo ndimamvanso mpeni ukung'amba bango ndi kakhosomolidwe kawo kouma kamene kankatiuza kuti adzuka kukaswali. Dzina lawo anali Che Amini, bambo awo a amayi anga, koma ife tinkati Ambuje monga amanenera Ayao. Ankasoka mphasa za bango ndi kuluka mikeka ya mlaza, ndipo tsiku la msika ankazisenza ulendo wa ku Nsanama, khadi ya chipani ataimangirira m'kansalu pachifuwa kuti asabwezedwe pachipata.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Hawa zisanu. Bambo anapita ku Joni Hawa ali kumsana. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Sukulu ndinali nditasiyira Sitandade 3 kuti ndizidwazika amayi. Choncho maliro atatha, m'nyumba mwathu munatsala ine, Hawa, ndi Ambuje m'kanyumba kawo kuseri.

Kwathu nthaka ndi ya akazi. Mwamuna amabwera kudzakwatira, amalima, amamanga, amabala ana, koma munda si wake. Ambuje anachokera cha kumalire, kupitirira Nayuchi, ali mnyamata, atanyamula mpeni ndi singano basi. Analima munda wa agogo aakazi zaka makumi anayi. Agogo aakazi atamwalira, mwambo unali woti abwerere kwawo, koma amayi anati, "Akafikira kwa yani kumeneko? Onse anatha," n'kuwamangira kanyumba kaja. Anthu akakhala pansi kukamba za minda, Ambuje ankanyamula bango lawo n'kukakhala poteropo. Wolankhula pa za nthaka anali mwinimbumba, mlongo wa akazi eni munda, ndipo kwa ife ameneyo anali mwana wa Ambuje yemwe, amalume a Yusufu, amene anakwatira ku Balaka ndipo ankagwira ntchito yoyeza nsalu m'sitolo. Amalume ankavala jekete la baji ya chipani pachifuwa, ndipo masiku amenewo munthu wa baji sankatsutsidwa pagulu, ngakhale nkhani ikhale ya mbuzi.

Munda wa agogo aakazi unali umodzi, koma njanji itabwera inaudula pawiri. Kutsidya kunatsala chigawo chachitali chopyapyala, chotsatira njanji ngati lamba. Tsidya lino kunatsala chigawo chofupika koma chotambalala, chokhala ndi chulu pakona. Amayi ndi mng'ono wawo, mayi aang'ono a Mariamu, ankalima zigawo zonse ziwiri limodzi n'kugawana zokolola ndi dengu. Tsopano poti mmodzi wapita, panafunika kugawa.

Patapita masiku atatu chiikireni maliro, amalume anatenga chingwe chotungira madzi pachitsime. Amuna a mayi aang'ono, a Twaibu, anagwira mbali ina, ndipo anazungulira munda wa kunjanji m'malire mwake akuwerenga zingwe, kenako anazungulira wa pachulu. Atabwerera anapukuta nsapato ndi masamba n'kuima pansi pa mango.

"Wa kunjanji zingwe fotini. Wa pachulu thwelofu," anatero. "Ana amasiye sitingawapatse wochepa, Allah angatifunse. Ana atenge wa kunjanji, ndiwo waukulu. Achemwali atenge wa pachulu."

Anthu anavomereza ndi mitu, ena nati Che Amini anabala munthu wachifundo. Amalume anawonjezera kuti nkhaniyi idzatsekedwa pa sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, abale onse alipo. Kenako anandiyang'ana.

"Patuma, tiona chaka chino. Chimanga chanu chikakufikitsani ku mvula ina, khalani m'nyumba ya mayi anu. Chikaperewera, Hawa ndidzamutenga ku Balaka, inu mulowa kwa mayi anu aang'ono."

Za Ambuje sanatchule, koma aliyense anadziwa kuti nyumba ikatsekedwa, kanyumba ka kuseri nakonso katha. Ine ndinagwada n'kuthokoza ndi mtima wonse. Ndinati m'munda waukulu chimanga sichingaperewere. Ambuje anali poteropo akupota khonje pantchafu, ndipo sanadzutse mutu.

M'mawa mwake ndinawapeza akuluka tinthu tating'ono ndi zotsalira za mlaza, timikeka ta mbali zinayi zofanana, kalikonse kukula ngati chikhatho chawo. Analuka masiku atatu mpaka tinakwana khumi ndi tisanu. Hawa anati n'togonapo zidole zake za zitsononkho, ndipo iwo sanamutsutse. Tsiku lachinayi ndikuchokera kotunga anandiitana. Ankanditcha akazi awo, monga agogo amachitira ndi zidzukulu.

"Akazi anga, tulani ndowa mubwere kuno. Mukundizemba ngati ndakudyerani ndiwo."

Anasesa pansi ndi dzanja, anatulutsa kachingwe kolumikiza nsonga zake, n'kuzika timitengo tinayi. Kachingweko anakakoka motalika, mopyapyala, kuzungulira timitengoto.

"Iyi ndi nyumba. Lowetsani alendo, aliyense pakamkeka kake. Asaponderezane."

Ndinayala timikeka motsatizana. Tinalowa tisanu, nyumba n'kudzaza.

"Alendo angati?"

"Asanu."

Anazula timitengo tija, n'kutizikanso mwina, nyumba ija n'kukhala yofanana mbali zonse. "Lowetsaninso."

Ndinayala. Titatu, titatu, titatu. Tisanu ndi tinayi. Ndinawayang'ana m'manja.

"Mwasintha chingwe, Ambuje."

"Ndasintha ndi chiyani, ndi mano? Mano ake ati?" Anaseka kuonetsa awiri amene anatsala. "Chitengeni muyeze nokha."

Ndinakayeza ndi chikhatho cha iwo omwe, katatu konse. Zikhatho khumi ndi ziwiri, nyumba yopyapyala. Zikhatho khumi ndi ziwiri, nyumba yotambalala. Ndinafunafuna pansi pa ntchafu yawo ngati pabisika kachingwe kena, iwo akungoseka, Hawa akukhazika zidole m'nyumba ya alendo. Nditatopa anati, "Chingwe chimadziwa za m'mphepete. Za m'kati funsani khasu."

Sabata ziwiri zathunthu sanatchule munda. M'mawa uliwonse, mame akadali pa udzu ndipo nkhunda zikulira pa denga, ankandipatsa funso limodzi ndisanapite kuntchito zanga. Tsiku lina anandionetsa mkeka wautali wa mumzikiti, woswalirapo anthu mzere umodzi, n'kundiuza ndiyeze khonje amene wadya posoka m'mphepete, kenako ndiyeze wa mkeka wotambalala woyanikapo ufa. Wa mumzikiti unadya khonje wambiri, koma nditathira mphale pa yonse iwiri, wotambalala ndi umene unanyamula dengu lonse. Tsiku lina anandifunsa kuti khola la nkhuku ndingalimange bwanji ndi mitengo yomweyo kuti mulowe nkhuku zambiri. Ndikalakwa sankandikonza. Ankangoti, "Werenganinso, ine maso anatha," n'kupitiriza kung'amba bango. Ine ndinkaona ngati akundiiwalitsa maliro, ndipo zinkandiiwalitsadi, mpaka nthawi yophika ikakwana n'kupeza kuti ndatapa ufa wa anthu anayi.

Sabata yachitatu tinapita kukathyola nandolo m'munda wa kunjanji. Ambuje anatenga chingwe cha pachitsime chija, nati n'chomangira nkhuni. Titafika anakhala pa tsinde la mtengo m'mbali mwa njira, bondo lawo lodwala atalitambasula.

"Akazi anga, tiyese kuti kamkeka kathu kakula. Mbali iyi chingwe chimodzi, mbali iyo chingwe chimodzi. M'munda muno mungalowe mikeka yotere ingati?"

Ndinazika timitengo, Hawa akundigwirira nsonga. Kuchokera pa miyala ya njanji kufika kumalire a anzathu chinali chingwe chimodzi chokha. M'litali zinakwana zisanu ndi chimodzi. Munda suli ngati mkeka, uli ndi makona okhota, pena pankatsalira, pena pankaperewera, koma Ambuje anati chotsala cha uku chitseke choperewera cha uko.

"Mikeka sikisi," ndinatero.

"Chabwino. Mawa tikathyola wa pachulu, tiwathandize mayi anu aang'ono."

Ku chulu zinakwana zingwe zitatu uku, zitatu uko. Sindinadikire kuzika timitengo tonse. Ndinaona timikeka tija m'mutu mwanga, titatu, titatu, titatu. Ndinawerenga ndi zala malire a minda yonse iwiri: khumi ndi zinayi, khumi ndi ziwiri, monga ananenera amalume. Koma m'kati wathu unali ndi mikeka isanu ndi umodzi, wa pachulu isanu ndi inayi. Munda umene ndinagwadira pothokoza unali wochepa.

"Amalume atinamiza," ndinatero tili m'njira.

"Iyayi. Musadzanenenso zimenezo." Anaima n'kutsamira ndodo. "Malume anu amayeza nsalu tsiku lonse. Nsalu imabwera ndi mulifupi mwake kale, woyeza amangokoka mulitali n'kudula, ndipo yaitali ndiyo yambiri. Dzanja lawo linazolowera zimenezo. Khasu analisiya ali ndi zaka ngati zanuzi. Anakupatsani umene anauona waukulu, ndipo anakupatsani ndi mtima woyera."

"Ndiye mukawauze. Si mwana wanu?"

"Ndi mwana wanga m'nyumba. Pa nthaka ino iye ndi mwini, ine ndine mlendo amene wachedwa kunyamuka. Ndikatsegula pakamwa anthu adzati mkamwini akufuna munda woti aferepo. Ndipo sadzakhala akunama kwenikweni, poti nanenso ndimadya pomwepo."

"Nanga anene ndani?"

"Amene mchombo wake unakwiriridwa pano."

Ndinakwiya. Ndinati munthu wamkulu wandevu zoyera akubisala kumbuyo kwa mwana. Masiku awiri sindinawalankhule, ngakhale madzi otawazira, osamba asanaswali, sindinawapatse. Ankachita kutuma Hawa, amene ankafika nawo chikho chili theka. Iwo sanadandaule. Ankangoti mokweza, kuti ndimve, "Akazi anga andinyanyala, ndikwatira ena ku Nsanama."

Chimene chinandibweza chinali diresi. Munthu wina wochokera ku Balaka anabweretsa kaphukusi kochokera kwa akazi a amalume, ndipo m'katimo munali diresi la maluwa obiriwira la Hawa. Linamukwana ndendende, m'mapewa, m'chiuno, mpaka kutsika mawondo monga lamulo linkafunira. Hawa anazungulira nalo bwalo lonse akuvina. Ine ndinaima ndi chipande m'manja, ndipo ndinazindikira kuti pamaliro paja, ife tikulira, munthu anali atamuyeza kale mwanayu ndi maso. Sanachite moipa. Ku Balaka kunali sukulu yabwino ndi madzi a pampope. Koma amayi, masiku awo omaliza, ankagwira dzanja langa n'kuliika pamutu pa Hawa, ndipo ine ndinamva chimene ankatanthauza.

Ndinapita pansi pa mango n'kukhala pambali pa Ambuje. Ndinatenga bango n'kuyamba kulipala.

"Ndiyambire pati?"

"Muyambe ndi kuthokoza, poti choyamikira chilipo. Musanene kuti alakwa. Munthu wamkulu ukamuuza kuti walakwa amateteza manyazi ake, munda n'kuiwalika. Muwapatse timikeka awerenge okha."

"Mawu akandithawa?"

"Timikeka sitichita manyazi. Muziyang'ana ito."

Tsiku la arubaini linafika. Kunabwera abale ochokera ku Liwonde ndi ku Balaka, mashehe anawerenga duwa, mapemphero opempherera malemu, anthu anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Dzuwa litapendeka, a pabanja anasonkhana pansi pa mango, amuna pamphasa, akazi cha uko. Ambuje anatenga bango lawo n'kukakhala kumbuyo kwa nkhokwe, pomwe mawu ankafika koma iwo atatifulatira. Amalume anaimirira, baji ikunyezimira.

"Za munda tinamaliza kale. Ana wa kunjanji, achemwali wa pachulu. Alipo watsala ndi mawu?"

Funso limeneli limangofunsidwa mwamwambo, anthu akufunafuna kale nsapato zawo. Ine ndinayenda ndi mawondo mpaka m'mphepete mwa mphasa, timikeka nditatimanga pakona ya chitenje.

"Amalume, ndili ndi zothokoza."

"Thokozani, Patuma."

"Zikomo potiganizira ine ndi Hawa. Koma pali masamu andivuta. Inu munapita kusukulu, ndimati mundithandize."

Anthu anaseka pang'ono. Amalume nawo anamwetulira n'kukhala pansi. Ndinamasula chitenje n'kuyala timikeka tisanu ndi kamodzi motsatizana, kenako tisanu ndi tinayi, titatu titatu.

"Uwu ndi wa kunjanji, uwu ndi wa pachulu. Kamkeka kamodzi ndi chingwe uku, chingwe uko. Tazungulirani ndi chala, muwerenge m'mphepete."

Anazungulira. "Fotini. Thwelofu. Mwaona? Ndi zomwe ndinanena zija. Wanu ndi waukulu."

"Eya. Tsopano muwerenge timikeka. Chimanga timadzala m'kati."

A Twaibu anayankhira kumbali, "Izi n'zidole za ana. Munda sitiyeza ndi zidole."

Mayi wina wachikulire wa m'banja lathu anawadula osawayang'ana n'komwe. "Akamwini, bango likadalipo kuseri kwa nkhokwe. Kathandizeni anzanu kung'amba." Akazi anaseka m'zitenje.

Amalume anawerenga. Anawerenganso kachiwiri, akugwira kamkeka kalikonse ndi chala, milomo ikuyenda. Kumwetulira kuja kunatha. Anasuntha timikeka tisanu ndi kamodzi tija n'kutisanjika pamwamba pa tinato, titatu n'kutsala poyera. Anayang'anitsitsa titatuto. Kenako anatembenukira kwa akazi.

"Achemwali, popalira, ndi uti umene unkakudyerani masiku ambiri?"

Mayi aang'ono anali ndi mwana pamiyendo. Anakonza mpango wake, anaukonzanso.

"Wa kunjanji tinkamaliza masiku anayi, ine ndi malemu. Wa pachulu sikisi."

"Ndiye munadziwa."

"Ndili ndi ana asanu, achimwene."

Ananena akuyang'ana pansi, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa mwezi umene nkhokwe imalira. Amalume anaponya maso kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, mwamva zimene akunena mwanayu?"

"Ine ndikung'amba bango, a Yusufu. Za minda ya eni ake ndingazidziwire kuti?"

"Timikekati analuka ndani?"

"Zidole za Hawa izo."

Amalume anaimirira. Ndinaganiza kuti andikalipira, kapena anyamuka osatseka nkhani. Koma anavula jekete lija n'kulikoloweka pa nthambi ya mango, anavula nsapato, n'kupinda thalauza.

"Patuma, katengeni chingwe. Mugwira ndinu."

Tinayeza minda yonse iwiri dzuwa likutsika, anthu akutitsatira m'mbuyo, amalume akudumpha minga ndi mapazi awo a m'tauni. Tinapeza zomwezo. Ataphatikiza anati mikeka yonse ndi khumi ndi isanu, ndiye aliyense atenge isanu ndi iwiri ndi theka. Anadula mkeka umodzi ndi theka m'munda wa mayi aang'ono, mbali ya kuchulu, n'kuuwonjezera kwa ife. M'malire atsopanowo anadzala khonje ndi manja awo.

Sindinganene kuti zinatha mokoma kwa onse. Chimene tinapeza ife chinachoka m'mbale ya ana a mayi aang'ono, ndipo iwo sanandilankhule bwino mpaka Ramadhani ya chaka chotsatira. Sindiwaimba mlandu, nditabereka anga ndinawamvetsa. Amalume ananyamuka m'mawa mwake osatsanzika bambo awo. Ambuje anaima pakhomo la kanyumba kawo akuwayang'ana mpaka anazimiririka m'njira, kenako anandifunsa ngati madzi otawazira abwerera kapena ukwati udakali pamavuto.

Mvula ili pafupi, munthu uja wa ku Balaka anabweranso ndi phukusi. Munali khasu latsopano, lopanda kalata, lopanda uthenga. Ambuje analitembenuza uku ndi uku, analigogoda ndi chala kuti amve kulira kwake.

"Mwana uja wadziwa womufunsa," anatero, n'kupita kukasema mpini.

Chaka chimenecho mvula sinali yabwino. Ndinalima ine ndi Ambuje, iwo akukoka bondo, Hawa akuponya mbewu m'maenje. Chimanga cha kunjanji chinatha Chaka Chatsopano chitangodutsa. Chimene chinatifikitsa ku mondokwa ndi cha pachulu chija, madengu ochepa amene Ambuje anawaika padera n'kumata pakamwa pake ndi dothi. Tinadya kamodzi patsiku, masiku ena nandolo yekha, koma sitinapemphe. Amalume atabwera kudzaona, anasuzumira m'nkhokwe, anayang'ana Hawa ali mu diresi lake lija, lomwe linali litayamba kufupika, ndipo za ku Balaka sanazitchulenso.

Ambuje anakhala nafe zaka zina zinayi. Tsiku limene anamwalira, ena anayamba kukamba zotumiza uthenga kumalire kuti mwina kwawo angafune thupi. Amalume anati, "Kwawo n'kuno." Amuna anathyola bango pa mulu wawo womwe n'kuwayeza nalo, kuti akakumbe manda a msinkhu wawo. Ife akazi sitipita kumanda, ndiye ndinangoona bangolo likutuluka pabwalo paphewa la munthu.

Ine ndi Hawa sitinasiyane. Tinakwatiwa m'mudzi momwemo, khomo ili ndi ilo, tinalera ana limodzi, tinaika amuna athu. Hawa atakalamba ndi kuyamba kudwala, mwana wake anamutengera ku Balaka kuti akhale pafupi ndi chipatala, ndipo Hawa anati sakwera galimoto ngati achemwali atsala. Ndiye ku Balaka tinapitako ndithu, koma tonse awiri, tili ndi imvi. Iye ankaseka nazo zimenezi. Anamwalira chaka chatha nyengo yozizira, m'manja mwanga. Munda uja akulima ndi zidzukulu, zanga ndi za mayi aang'ono, ndipo mzere wa khonje udakalipo.

Arubaini ya Hawa itadutsa ndinkangokhala pakhonde, kuyang'ana njinga za kabaza zikudutsa. Manja analibe chofuna kugwira. Tsiku lina mdzukulu wake, Shakira, anabwera kuchokera kusukulu akulira, kope lili lofiira ndi zolemba za aphunzitsi. Anati ndi masamu a perimita ndi eriya, ndipo amangozisokoneza. Chizungucho sindinathe kuchiwerenga, koma zojambulazo ndinazidziwa: china chachitali chopyapyala, china chotambalala. Ndinapempha mlaza kwa mayi wina woluka madengu kuseri kwathu. Zala zanga zinauma, ndiye timikeka tanga si tokongola ngati ta Ambuje, koma mbali zake n'zofanana. Shakira atayala kachiwiri anandiyang'ana m'manja n'kunena kuti ndasintha chingwe.

Tsopano Loweruka lililonse m'mawa ndimasesa pabwalo n'kuzika timitengo tinayi. Shakira amabwera ndi anzake, masiku ena asanu, masiku ena khumi. Ndimawapatsa chingwe ndi timikeka khumi ndi tisanu, ndipo akalakwa sindiwakonza. Ndimawauza awerengenso.